Lachitatu Masana Pafupi ndi Nkhokwe ya ku Cape Town

Mphepo ya ku Cape Town ikayamba kutsika kuphiri, munthu umasaka khoma loti ubisalepo. Ndi mmene ndinapezekera nditatsamira pamalo odikirira basi ya MyCiTi kufupi ndi doko, Lachitatu lina masana, chakumayambiriro kwa 2023. Pambali panga panali anthu atatu ndi kamtsikana. Ndinali ndisanawayang'ane n'komwe pamene ndinamva wina akuti, "Koma madala, inu mwaonapo zachilendo pamene paja?" Khutu langa linaima. Chichewa ukachimva kutali ndi kwanu chimakukoka ngati fungo la chimanga chowotcha.

Wofunsayo anali mnyamata, chikwama chili kumsana, ndipo pakamwa pa chikwamacho pankasuzumira mutu wa njovu ya waya ndi mikanda. Anali mmodzi mwa anyamata aja amaima pa maloboti n'kumaonetsa katundu wawo pamawindo a galimoto. Chichewa chake chinali ndi kamvekedwe ka ku Harare, ka ana a anthu akwathu omwe anapita kukagwira ntchito kumeneko kalekale. Madala aja anali atavala ovolosi ya buluu, nsapato zili ndi udzu wa m'kapinga wa bwana. Wachitatu anali mayi wapakati, atagwira kamtsikana kaja padzanja.

Onsewo, monga ine ndemwe, anali atangotuluka mu Zeitz MOCAA, myuziyamu ya zaluso zamakono za mu Africa. Panthawiyo, Lachitatu lililonse, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, nzika ya dziko lililonse la mu Africa inkalowa ulere ikaonetsa chitupa. Nthawi itatha, tonse tinatulukira limodzi.

Nyumbayo kale inali nkhokwe, nkhokwe yeniyeni ya chimanga ndi tirigu. Anamaliza kuimanga mu 1924, ndipo inagwira ntchito mpaka 2001. Inali ndi migolo ya simenti 42, italiitali ngati nsungwi zoimikidwa pamodzi. Katswiri wa mapulani wa ku Britain, Thomas Heatherwick, anaboola migoloyo pakati potsanzira maonekedwe a njere imodzi ya chimanga, ndipo ukaima pansi n'kuyang'ana kumwamba umakhala ngati waima mkati mwa njereyo. Anatsegula myuziyamuyi pa 22 September 2017. Madala aja anali atamva nkhani ya njereyo kwa woyendetsa alendo, ndipo inawakhala pamtima. "Ine ndaluka nkhokwe zambiri ku Ntcheu," anatero, "koma sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzalowa m'nkhokwe pa chikepe."

Koma chomwe ankatsutsana sichinali nyumbayo. Zinali zipinda zomwe amazitcha Atelier. Kumeneko myuziyamu imabwereka mmisiri mmodzi malo kwa miyezi ingapo kuti asamutsiremo ntchito yake yonse, ndi zida zake, ndi zinyalala zake zomwe, ndipo alendo amalowa n'kumupeza ali mkati mogwira. Dongosololi linayamba mu 2019, chaka chomwe Koyo Kouoh, mayi wobadwira ku Cameroon yemwe anatisiya mu May 2025, anatenga utsogoleri wa myuziyamuyi. Woyamba kukhalamo anali Kemang Wa Lehulere. Anadzakhalamonso Haroon Gunn-Salie ndi Thania Petersen. Nthawi yomwe ndikunenayi munali Igshaan Adams ndi gulu la anthu omwe amaluka naye.

"Mikanda yomwe ija, waya yemwe uja, zingwe zomwe zija," mnyamata uja anatero, akugwedeza chikwama. "Ine ndimagula zomwezo. Koma ine ndikatchula mtengo pa loboti, munthu amaudula pakati, magetsi n'kusintha, galimoto n'kunyamuka. Za iwowo zimakwera ndege kupita ku London ndi ku Chicago. Ndiye ndiuzeni kusiyana kwake."

Palibe anamuyankha msanga, ndipo ineyo ndinaona kuti funsolo silinali la nsanje chabe. Zala zake zinali ndi zipsera za waya. Zoti ntchito za Adams zinakaonetsedwa ku Hayward Gallery ku London mu 2021 ndi ku Art Institute of Chicago mu 2022 n'zoona. Zoti mnyamatayu angaluke njovu yokongola kuposa ya aliyense mumzindawu koma osafika nayo pakhomo la nyumba ngati imeneyo, n'zoonanso.

Anayankha anali mayi aja, ndipo sanayankhe za mtengo.

"Achimwene, inu mwaona mikanda. Ine ndaona pansi pa nyumba ya munthu." Anasiya dzanja la mwana n'kuyamba kulozera pansi. "Ine ndimakolopa m'nyumba zitatu sabata iliyonse. Ndikalowa m'khitchini ya munthu ndimadziwa pomwe amaima kwambiri. Patsogolo pa sinki pamayera. Patsogolo pa sitovu pamaperepeseka. Kuchoka pakhomo kupita kuchipinda pamakhala kanjira, maluwa a kapeti onse atafufutika. Chinsalu chachikulu chija ndangochiona ndadziwa kuti apa pankaima mayi wina zaka zambiri akuphika. Palibe anachita kundiuza."

Apa mayiwo analasa pa nkhani yeniyeni. Adams anabadwa mu 1982 ndipo anakulira ku Bonteheuwel, limodzi mwa madera omwe boma la tsankho linakankhirako anthu omwe linkawatcha Makaladi m'zaka za m'ma 1960. M'nyumba zambiri zakumeneko amayala pansi kapeti wa pulasitiki wokhala ndi maluwamaluwa. Iye amapempha makapeti akuthawo kwa achibale ndi anansi, n'kuluka chithunzi chake ndi zingwe, mikanda, tizigoba ndi timiyala, osasiya pomwe panang'ambika kapena pomwe mapazi anafufuta. Amalukanso tinjira tachidule tomwe anthu anapanga ndi mapazi m'matchire a pakati pa Bonteheuwel ndi Langa, madera awiri omwe lamulo linafuna kuti asamayenderane, ndi tinjira topita ku mafakitale a ku Epping komwe anthu amakasaka maganyu. Munthu wophunzira amawerenga zimenezi pakhoma. Mayi aja anaziwerenga ndi mawondo awo.

Mnyamata uja sanagonje. Anangosintha poimira.

"Chabwino. Koma inu mungalole? Mukugwira ntchito, anthu akungolowa, kukusuzumirani, kukujambulani ndi foni ngati nyama ya ku zuu? Ine ndaona mzungu wina ataimirira kumbuyo kwa mayi woluka uja mpaka kutsala pang'ono kumupumira pakhosi."

Mawu amenewa mumzinda uno si opepuka. Kuchokera ku Cape komweku, mu 1810, Sarah Baartman anatengedwa kupita ku London kuti anthu azilipira n'kumamuyang'ana thupi, ndipo mafupa ake anabwerera kwawo kuchokera ku Paris mu 2002. Aliyense woika munthu wakuda m'chipinda choti alendo azimuonera ayenera kukumbukira zimenezi, ndipo mnyamatayu anachita bwino kuzinunkhiza ngakhale sanatchule dzina. Komabe chomwe ndinaona m'zipinda zija n'chosiyana. Eni ntchito ndiwo anali eni chipinda. Ankacheza okhaokha mu Chiafrikaans, ankaseka, ankakweza mutu akafuna, ndipo mlendo ndiye ankayenda monyang'ama kuopa kuponda chingwe. Woyang'anidwa akakhala ndi mphamvu yokuyankha, kapena yokusiya osakuyankha, ndiwe wolowa amene umayenera kunena odi.

Madala anali chete nthawi yonseyi, akusisita chipewa pabondo. Atayamba kulankhula, anayamba ndi kwawo.

"Mwana wanga, kwathu mmisiri sabisala. Wosula ankasula pansi pa mtengo wa mango, ife ana titamuzungulira, wina n'kupatsidwa mvukuto kuti azipopa. Agogo ako aakazi akamaumba mbiya, atsikana ankakhala pompo, dongo lili m'manja. Wosema mtondo, woluka lichero, wowamba ng'oma, onse pabwalo. Ine palibe ananditumiza kusukulu yoluka nkhokwe. Ndinkapatsira malume nsungwi, tsiku lina anangoti, pitiriza. Zoti chinthu uzichiona chitatha kale, chitapachikidwa pakhoma, mlonda ataima pambali kuti usachikhudze, ndiye zachilendo kwa ine. Zomwe taona lerozi ndi zakwathu. Azungu angozibweza."

Kenaka anatsitsa mawu, monga amachitira akuluakulu mwana akakhala pafupi. "Koma si zonse zopangira pagulu. Zilipo zina, zakudambwe, zomwe maso a aliyense saziona zikamakonzedwa. Zimatulukira pabwalo zitatha, ndipo mphamvu yake ili pomwepo."

Ndinakumbukira pomwepo kuti nyumba yomweyi, itangotsegulidwa, inaonetsa timafilimu ta Samson Kambalu, mmisiri wa ku Malawi yemwe ntchito yake amaitcha Nyau Cinema, yemwenso chifanizo chake cha John Chilembwe chinaimikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022. Ndinaona kuti madala agwira mbali ziwiri zomwe oyendetsa mamyuziyamu amalimbana nazo. Mmisiri amafunika anthu, koma amafunikanso pobisala, poti alakwitse popanda womuona, aphwasule, ayambirenso. Miyezi ingapo khomo lili lotsegula ndi mphatso yaikulu kwa ife olowa, ndipo wolipira mphatsoyo ndi amene wakhala mkatimo. Ukalowa, zimenezo uyenera kuzidziwa.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi manja. Ntchito ikapachikidwa m'chipinda choonetsera, pakhoma pamalembedwa dzina limodzi. M'zipinda za Atelier ndinaona anthu angapo atakhala patsogolo pa chimango chachikulu chokhomedwa misomali, zingwe zitatambasulidwa kuchokera pamwamba kufika pansi, mabakuli a mikanda ali pambali, wina akutunga, wina akulowetsa, wina akumangitsa. Mzere umodzi wa chinsalu chotalika kuposa munthu unkatenga nthawi yoti ukhoza kumwa tiyi n'kutsuka kapu. Sindingathenso kuima patsogolo pa chinsalu ngati chimenecho n'kuganiza za munthu mmodzi yekha. Kutsegula khomo sikukweza mtengo wa njovu ya pa loboti, zimenezo mnyamata uja ananena zoona. Koma kumaonetsa poyera kuti zokwera ndege zija zimatuluka m'manja ngati akewo, ndipo mnyamata woluka waya akaona zimenezo ndi maso ake, funso lake limakhala ndi poimira.

Kamtsikana kaja ndi kamene kanathetsa mkangano, kosadziwa n'komwe kuti kuli mkangano. Kanakoka chitenje cha mayi ake n'kunena kuti, "Amayi, anti aja anandiuza kuti akalakwitsa amamasula n'kuyambiranso. Ndimayesa anthu aakulu salakwitsa." Mayi ake anaseka n'kufotokozera madala kuti mwanayo anaima pambali pa woluka mmodzi nthawi yaitali, mpaka woluka uja anamuonetsa mmene chingwe chimadutsira, pamwamba, pansi, pamwamba, pansi. Mayiwo anachita kupempha kwa adona kuti Lachitatu limenelo ayambe ntchito masana, n'kubweza maolawo Loweruka. Madala nawo anachita kusinthana tsiku ndi mnzawo.

Mnyamata uja anagwada, n'kutulutsa m'chikwama kawaya kotsalira ndi mikanda ingapo yofiira. Anapinda wayayo kawiri ndi pulayala, n'kupatsa mwanayo kuti atunge yekha. Mkanda woyamba unagwa, mphepo n'kuugubuduza mpaka mumsewu. Wachiwiri unalowa.

Basi itatulukira pakona, madala anadzuka n'kuvala chipewa. "Lachitatu likubwerali ubwerenso?" anamufunsa mnyamatayo.

"Ndibwera," anayankha akumanga chikwama. "Ndikufuna ndikaone kumbuyo kwa chinsalu chija. Pali mfundo ina amamanga, sindinaione bwino."