Buku la ngongole za anyani

Ufa wakwera, feteleza wakwera, ngakhale kabuku ka ana asukulu kakwera. Koma ine ndinagula limodzi lachikuto cholimba, chifukwa mnyamata wina wa ku Lusaka, wovala nsapato zokwerera mapiri pansi pa mtengo wamango, anatiuza pamsonkhano kuti wokhala pafupi ndi nyama zakutchire azilemba khalidwe lake: tsiku, nthawi, ndi zomwe yachita. Akuti kunja anthu amatero kuti mtima ukhale m'malo.

Kuno ku Rufunsa nyama sitichita kuzifunafuna. Alendo amalipira madola kuti akazione ku Lower Zambezi National Park, kuseri kwa mapiriwa. Ife zimatipeza m'munda, popanda ndi odi yemwe.

Ndinayamba ngati katswiri. "Lolemba m'mamawa. Anyani afika. Wamkulu wakhala pachulu, akundiyang'ana. Inenso ndikumuyang'ana." Ndipo ndaphunzira zambiri, musandiderere. Nyani sadya ngati wanjala: amathyola chimanga, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china, china n'kupanira m'khwapa. Ndikaimirira ine, amathawa. Akaimirira mayi a kunyumba, amangosuntha mizere iwiri, mwaulemu. Lamulungu amalidziwa kuposa akatekisiti. Belu likamalira, iwo ali kale m'mphepete mwa munda. Usiku amasiyira nguluwe.

Mayi a kunyumba atandipeza pamsasa ndili ndi bolopeni kukhutu, anati, "Abambo, anzanu akuponya miyala, inu mukulembera nyani kalata?" Anandilanda bukulo, n'kujambula mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, pamwamba pake n'kulemba kuti "Mtengo". Kuyambira tsiku limenelo ndi buku la ngongole, ngati la pakantemba.

Tsono wangongole wanga si mphawi. Lamulo la nyama zakutchire la 2015 limati nyama iliyonse yam'tchire m'Zambia muno ili m'manja mwa Pulezidenti, m'malo mwa dziko. Ndiye kuti nyani wa pachuluyu ali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo adiresi yake tonse tikuidziwa. Mbuzi yanga ikalowa m'dimba la mnzanga, dzuwa sililowa ndisanaitanidwe kwa amfumu. Nanga ziweto za boma? Ndawatsegulira tsamba aliyense. Nyani wamkulu ali ndi masamba akeake. Wamkazi wobereka mwana kumsana ndamuchotsera pang'ono, ndine Mkhristu. Nguluwe, poti sizionetsa nkhope, ndimazilemba pa dzina la gulu. Chiwongoladzanja ndaika cha kaloba. Mwa kuwerengera kwanga, pofika masika ndidzakhala nditagula Great East Road kuyambira pa Chinyunyu mpaka pa mlatho wa Luangwa, ndi malole ake omwe.

Chondipweteka n'chakuti lamulo lomweli silinena za chipukutamisozi kwa mlimi amene nyama zamudyera mbewu. Mu 2024, chilala chitalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse, kachimanga kamene kanapirira dzuwa kanapirira kuti kadyedwe ndi omwewa. Ukapha nyama, unyolo ukupeza msanga. Nyama ikakupha ndi njala, akuuza kuti ugule buku. Mpweya umene mitengo ya ku Rufunsa Conservancy imasunga uli ndi mtengo, amaugulitsa kunja. Chimanga cha munthu amene akudyetsa nyama za dzikoli chilibe. Kenako wina adabwe kuti matumba a makala andandalikidwa m'mbali mwa msewu.

Dzulo ndinaiwala bukulo pamsasa. Ndalipeza m'mawa uno tsamba la ngongole yaikulu litang'ambidwa. Mayi a kunyumba akuti moto anakolezera udzu, sadziwa kanthu. Nyani wamkulu anali pachulu, akudzikanda, osandiyang'ana m'maso. Ndamutsegulira tsamba latsopano: kuononga umboni.