Kamphika ka Inki, Bwana wa Mabwana

Pa zinthu zonse zimene zinakhalapo pa tebulo la mlembi, palibe chinadya ulemu waulere kuposa kamphika ka inki. Sikanalembepo chilembo ngakhale chimodzi, ndipo kuwerenga sikadziwa. Ntchito yake, kuyambira nthawi ya Aroma mpaka dzana lomweli, inali kukhala phee pamalo amodzi, kukamwa kuli yasa, kudikira kuti ena abwere kudzawerama. Ndipo ankabweradi. Mfumu, Papa, woweruza milandu, kalaliki wa boma, aliyense akangolemba mawu ochepa, dzanja linkasiya pepala, kuyenda ulendo wa kwa kamphika, kugwetsa mutu wa cholembera, n'kubwerera. Mzere umodzi, ulendo. Mzere wina, ulendo. Tandiuzani bwana wina amene anthu ake ankakaonekera kwa iye pafupipafupi chotere. Ine ndaima kuti ndikatamande, poti luso lolandira ulemu popanda thukuta si lamasewera, ndipo mwini lusolo ndi kamphika kameneka.

Taonani amene ankakhetsa thukutalo. Woyamba ndi tsekwe. Kwa zaka zoposa 1,000 anthu a ku Ulaya ankalemba ndi nthenga, ndipo nthenga yabwino inali ya kuphiko la tsekwe. Wolemba ndi dzanja lamanja ankafuna ya kuphiko lamanzere, chifukwa imapindikira kunja osamutchinga maso. Inkasongoledwa ndi kampeni, kubuntha, kusongoledwanso, mpaka kufupika n'kuponyedwa kudzala. Wachiwiri ndi kachilombo ka mtundu wa mavu, kamene kamaikira dzira pa mtengo wa oak, mtengowo n'kutupa kachotupa kozungulira. Anthu ankathyola tizotupato, kutisinja, kutinyika m'madzi kapena mu vinyo, n'kusakaniza ndi mchere wobiriwira wochokera ku chitsulo pamodzi ndi utomoni wa mitengo ya mthethe. Inki yake inali yamakani: poilemba imaoneka yotuwa, ikagundidwa ndi mpweya imada bii, ndipo pakapita zaka mazana imafiirira n'kuyamba kudya pepala lomwe yakhalapo. Mapepala ena a nyimbo amene Johann Sebastian Bach analemba ndi dzanja lake, osungidwa ku Berlin, anabooka chifukwa cha inki imeneyi. Wachitatu ndi kalaliki mwini, wa msana wopindika ndi zala zakuda. Ndani mwa atatuwa ali m'kabati yagalasi lero? Tsekwe anadyedwa, mavu anauluka, kalaliki anaikidwa m'manda. Kamphika kali ngati mkulu uja wa pa dima amene khasu salikhudza, koma chipanda choyamba cha mowa chimayambira kwa iye.

Okayikira apite ku Philadelphia, ku America. Kumeneko kuli choikapo inki chasiliva chimene anasula mu 1752 Philip Syng, mmisiri wobadwira ku Ireland, mnzake wa Benjamin Franklin. Ndi kambale kokhala ndi tiziwiya titatu: ka inki, koimikamo nthenga, ndi kowazira fumbi loumitsa zolemba. Amati ndi mmenemo mmene akuluakulu a dzikolo anaviika nthenga zawo mu 1776 posayina chikalata chochoka m'manja mwa Angelezi, ndiponso mu 1787 posayina malamulo oyendetsera dziko lawo. Anthu 56 anasayina chikalata cha 1776, aliyense akudziwa kuti nkhondo ikawaipira, chingwe chikumudikira. Mmodzi yekha pa msonkhanowo analibe mantha, ndiye kamphika. Angelezi akanapambana, kakanangopukutidwa n'kuikidwa pa tebulo la bwanamkubwa watsopano.

Apa m'pamene pali nzeru zake zazikulu. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma akanakaona kamphika aka akanaubweza mwambiwo. Kanakhalapo pa mlandu uliwonse waukulu ndipo sikanaimbidwepo mlandu. Ambiri mwa amene ankasayina za ufulu ku Philadelphia anali ndi akapolo kumakwawo, kamphika osatsokomola n'komwe. Pa 26 February 1885, nthumwi za mayiko zinasayina ku Berlin chikalata choika malamulo olandirana malo mu Africa, popanda mwini malo ngakhale mmodzi pa tebulopo. Mu 1889 Harry Johnston ankayenda m'mbali mwa Shire ndi Nyanja ali ndi mapepala a mapangano, mafumu n'kumaika timitanda pansi pa mawu a chilankhulo chimene sankachiwerenga, ndipo pofika 1891 dziko lino linali pansi pa chitetezo cha Britain. Mabuku a mbiri amadzudzula Bismarck amene anaitanitsa msonkhano wa ku Berlin, amadzudzula Johnston, ena amadzudzula mafumu. Amene anapereka madzi akudawo satchulidwa. Mukakafunsa, kangakuyankheni mwaulemu kuti iko kanangotsegula pakamwa, zimene cholembera chinakachita kunja sikakuzidziwa.

Pali tsiku limodzi lokha limene anthu amati kanadzuka n'kugwira ntchito. Mu 1521 Martin Luther anabisidwa m'nyumba yamalinga ya Wartburg ku Germany, atasunga ndevu n'kutenga dzina lakuti Junker Jörg. Ali mmenemo anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani, ndipo chinatuluka mu September 1522. Nthano imati usiku wina Satana anabwera kudzamusokoneza, Luther n'kutola kamphika ka inki n'kumugenda nako. Satana analewa, khoma linalandira. Kwa zaka zambiri alendo ankaonetsedwa banga la inki pakhomalo, ndipo ankapala pang'onopang'ono kuti akaonetse kwawo, osamalira nyumbayo n'kumalidetsanso kuti lisathe. Koma akatswiri a mbiri amati nkhaniyi inayamba kumveka Luther atamwalira kale. Ndiye kuti ngakhale ntchito imodzi yokhayo imene kamatchuka nayo sikanaigwire. Ndi angati a ife amene tingakope alendo ndi ntchito imene sitinagwire?

Wina anena kuti munthu akhoza kulemba popanda iko. Akafunse David Livingstone. Mu 1871, ali ku Nyangwe m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba, inki ndi mapepala zinamuthera. Anafinya njere za chomera cha kumeneko n'kupanga inki yake, n'kumalemba mopingasa pa masamba akale a nyuzipepala ya The Standard. Mmenemo ndi mmene analemba za kuphedwa kwa anthu ambirimbiri pa msika wa Nyangwe ndi anyamata a ogulitsa akapolo, mu July chaka chimenecho. Inkiyo inafufuta mpaka kusawerengeka, ndipo panatenga makina ojambula ndi kuwala kwa mitundumitundu kuti mawuwo atulukenso mu 2011. Mundiuza kuti chimene chinasowa ndi inki yabwino, osati kamphika. Mukatero ndiye kuti simunagwirepo ntchito mu ofesi. Zinthu zikaipa bwana kulibe, umenewo ndi umboni wakuti bwana ndi wofunika.

Tsopano za zovala zake, poti munthu wamkulu amadziwika ndi chimene wavala. Ka dothi ndiko kachikale ndi kodzichepetsa. Aroma ankaumba tofiira tonyezimira, tokhala ndi kabowo kakang'ono pamwamba ndi mlomo wopindikira mkati kuti inki isatayike kakagwedezeka. Ku Qumran, pafupi ndi mapanga mmene munapezeka mipukutu ya ku Nyanja Yakufa, wansembe wa ku France Roland de Vaux anafukula m'ma 1950 timiphika tiwiri m'chipinda chimodzi, kena kadothi kena kamkuwa, ndipo anati chimenecho chinali chipinda cha alembi. Akatswiri akukanganabe ngati ananena zoona. Timiphika tiwiri topanda kanthu takhala tikuyambanitsa mapulofesa kwa zaka zoposa 60, titangokhala.

Ka mkuwa ndiko kodzionetsa. Ku Padua, ku Italy, amisiri monga Andrea Riccio, amene anamwalira mu 1532, ndi Severo da Ravenna ankapangira anthu ophunzira timiphika tonyamulidwa ndi zilombo za m'nyanja kapena tianthu ta miyendo ya mbuzi. Amisiri ena kumeneko ankatenga nkhanu yeniyeni, kuikuta ndi dothi, kuiwotcha mpaka itapserera mkatimo, n'kuthira mkuwa wosungunuka pamalo pamene panali thupi lake. Chotuluka chinali nkhanu yamkuwa yokhala ndi mwendo uliwonse ndi kabampu kalikonse, chigoba cha pamsana chikutseguka kuti muviike cholembera. Onjezani nkhanu pa mndandanda wa amene anafera bwanayu.

Koma ine mtima wanga uli pa ka siliva, chifukwa iko kanafikitsa ulesi pachimake. Inki ija imadya chitsulo, choncho mkati mwa kamphika kasiliva ankaikamo kabotolo kagalasi. Imvetsani bwino: kamphika ka inki kamene inki sikaikhudza. Galasi ndilo limanyowa ndi kuthimbirira, likasweka amagula lina, siliva ali kunja kulandira alendo. Ndipo mapepala ake ali m'malo. Tembenuzani ka ku England muone tizizindikiro tokhomedwa m'mbali. Mkango woyenda ukutanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva weniweni. Mutu wa nyalugwe ndi London. Nangula ndi Birmingham, mzinda umene uli kutali ndi nyanja, kumene ofesi yoyesa siliva inatsegulidwa mu 1773. Chilembo chimodzi chimanena chaka. Palinso mtundu wotchuka wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, wotambalala pansi wowonda pakhosi, umene amautcha capstan. Mukaunyamula umalemera mochititsa ulemu. Kulemerako nthawi zambiri si siliva ayi. Siliva ndi kachikopa kopyapyala chabe, mkati anathiramo zolemetsa kuti usagwe.

Sikanaiwale ana. Madesiki akale a sukulu ali ndi bowo lozungulira pakona ya kudzanja lamanja, ndipo ena mwa agogo athu amene anaphunzira nthawi ya Nyasaland amakumbukira chimene chinkakhalamo. Kanali koyera, kadothi losalala. Mwana mmodzi ankasankhidwa kuzungulira ndi botolo kudzaza timiphika tonse, ndipo ankadziyesa nduna. Mkati munkagwera ntchentche, tizidutswa ta choko, ndi timapepala toponyedwa ndi anyamata osamva, moti nsonga ya cholembera inkatuluka itakoka kanyama, n'kukatula pakati pa tsamba loyera. Wokwapulidwa anali mwana. Wamanzere ndiye anaona zakuda zenizeni: mkono unkadutsa pamwamba pa buku lonse kukatunga inki, pobwera dzanja n'kumapukuta zimene walemba. Aphunzitsi ataona vutoli sanasunthe bowo. Anasuntha dzanja la mwana.

Adani anabwera, monga amabwerera kwa wamkulu aliyense. Mu 1884 Lewis Waterman wa ku New York analembetsa cholembera chonyamula inki yake m'mimba. Mu 1938 mtolankhani wa ku Hungary László Bíró analembetsa bolopeni, ndipo mu 1950 Marcel Bich anatulutsa Bic Cristal yotchipa. Sukulu za ku France zinakana bolopeni mpaka 1965, kenako zinagonja. Munthu wamba akachotsedwa ntchito amabwerera kumudzi. Kamphika kanakwezedwa. Kanachoka pa tebulo n'kulowa m'kabati, ndipo ku America kuli bungwe lonse la anthu osonkhanitsa timiphika timeneti, Society of Inkwell Collectors. Bic ikatha inki imatayidwa m'ngalande. Kamphika kakatha inki kamapita ku okushoni.

Ndipo msika wake umatsata chilungamo chimene tonse tikuchidziwa. Timabotolo tadothi totchipa timene anthu osauka a ku Britain ankagula ndi kobiri imodzi, kugwiritsa ntchito mpaka dontho lomaliza n'kutaya, lero amatifukula m'madzala akale n'kutigulitsa pa mtengo wozizira. Tinagwira ntchito kwambiri, ndiye tatchipa. Chodula ndi chija chasiliva chimene anapatsa mkulu wina popuma pa ntchito, dzina lake litazokotedwa kutsogolo, chimene inki sichinailawe n'kamodzi komwe. Chodula ndi chamkuwa cha Tiffany Studios ya ku New York, chokongoletsedwa ndi masamba a mpesa kapena a paini.

Wofuna kugula aonetsetse zingapo. Kagalasi ka mkati kalipo, ndipo n'kogwirizana ndi malo ake? Chivundikiro chikutseka bwino, kapena wina anachimata? Zizindikiro za pa chivundikiro zikufanana ndi za pa thupi? Pali ochenjera amene amatenga mutu wa kamphika kena n'kuuveka pa kena. Mukafika nako kunyumba musakathire inki, mungakatsitse mtengo. Kasiliva musakapukute kwambiri, chifukwa mkango ndi nangula zimafufutika, ndipo popanda zimenezo palibe akakhulupirire zaka zake. Kamkuwa musakatsuke n'komwe. Kuda ndi kubiriwira kumene kamapeza pokhala zaka zambiri osachita kanthu ndi kumene ogula akulipira, ndipo wantchito wakhama amene angakakweche ndi phulusa mpaka kuwala akhoza kukuwonongerani chuma Loweruka limodzi m'mawa.