Mahatchi ndikuwafuna, koma injini isanoke

Amuna ena akadutsa zaka 40 amayamba kuweta nkhumba, ena amalowa kwaya ya abambo, ena amayamba kulota za ukhansala. Ine ndinagula Subaru Impreza WRX ya 2002, yabuluu, yamarimu agolide, yomwe inayenda m'manja mwa anthu angapo isanandipeze. Mayi a kunyumba ankafuna puloti. Ndinawafotokozera mofatsa kuti puloti siithamanga.

Mlandu wonse ndi wa Colin McRae wa ku Scotland, amene mu 1995 anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa magalimoto othamanga m'misewu yafumbi, ali pachiwongolero cha Impreza yabuluu. Nthawi imeneyo ndinalibe ndi njinga yomwe, koma chithunzi chake, chong'amba m'magazini, ndinachimata ndi phala pakhoma. Lero galimoto ndili nayo, ndipo ntchito yake ndi iyi: kukwawa kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni, kukwera mahampu chammbali kuopa kukhula pansi, ndi kunyamula matumba opita kuchigayo Loweruka. Giya yachisanu ndimaionako pa Khirisimasi tikamapita kumudzi.

Zonsezi ndinkapirira mpaka tsiku limene Sienta ina inandipitirira pa chitunda tikuyandikira Dedza. Inali itadzaza anthu mpaka kubuti, nkhuku zili m'dengu, ndipo kamwana kena kanandibayibitsa pagalasi lakumbuyo. Mayi anati, "Musadandaule abambo, mwina akuthamangira kuchipatala." Chifundo chimenecho ndiye chinandipweteka koposa. Ndinalumbira kuti galimotoyi ikatchunidwa basi.

Kwa inu amene simunalowe m'mavuto amenewa, kutchuna kwa masiku ano si kuja kwa amakanika akale, opotokola kasikuluwu khutu lili painjini. Galimoto ngati yangayi ili ndi kakompyuta kolamula kuchuluka kwa petulo wolowa, nthawi imene pulagi imathetheka, ndi mphamvu imene turbo imakankhira mpweya m'injini. Mpweya ndi petulo zikachuluka, moto wa m'katimo umakula, mahatchi n'kubadwa. Eni ake kufakitale anaipatsa mahatchi 250. Mkulu wake, STI, anamulembera 280, nambala yomwe makampani a ku Japan anagwirizana kuti asamaipitirire papepala mpaka mu 2004. Wotchuna amangolowa m'kakompyutako n'kusintha manambala. Nkhani yagona pa kusankha munthu woti umupatse makiyi.

Woyamba anandilozera ndi mnzanga wa pabawo. Mnyamata wosalala, tcheni m'khosi, zikhadabo zoyera zosadziwa girizi. Ofesi yake ndi mpando wakutsogolo wa galimoto yako. Boneti sanatsegule n'komwe. Analumikiza chingwe, n'kuyang'ana palaputopu, kenako anapukusa mutu mwachisoni.

"Bigi, galimotoyi anaimanga miyendo. Ikuvutika m'katimu. Mundipatse ola limodzi, ndikutulutsirani 350."

"350 chiyani?"

"Mahatchi, bigi."

Malovu anandidzadza m'kamwa. Anapitiriza kuti achotsanso chotsekera liwiro chimene magalimoto a ku Japan amabwera nacho, chija chimakaniza kupitirira 180. Andiikiranso kavavu kolira kuti "psss" ndikasintha giya, ndipo ekizozi izidzaphulika "pha! pha! pha!" ndikangochotsa phazi pamoto, anthu a pa depoti azidzathawira m'ngalande. Ndinadziona ndikulowa kutchalitchi Lamlungu, akulu ampingo onse atatembenuka.

Komabe kaumphawi kamakhala ndi mawu ake. Ndinafunsa kuti, "Nanga injini siinoka?"

"Bigi, injini siinoka yokha. Amanoketsa ndi dalaivala."

"Ikanoka?"

"Tidzakambirana."

Ndaona zambiri pamoyo uno, ndipo ndikudziwa kuti munthu akati "tidzakambirana", foni yake idzakhala ili yozimitsa.

Wachiwiri ndinakamupeza ku Biwi, kuseri kwa mulu wa zitseko za magalimoto akufa. Mdala waimvi, wa ovolosi yosadziwikanso mtundu wake woyamba, amene anakhalitsa ku Johannesburg akugwira magalimoto a mtundu womwewu. Laputopu ali nayo, koma ndi yomanga ndi selotepi. Ndinamuuza kuti ndikufuna mahatchi. Sanayankhe. Anatsegula boneti, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kukapukutira pachala. Chala chinada bii.

"Achimwene, oyiloyu munasintha liti?"

"Posachedwapa, madala."

"Posachedwapa boma lake liti?"

Ndinayang'ana kumwamba. Mafunso anapitirira. Lamba wa timing, amene pa injini imeneyi amayenera kusinthidwa ikayenda makilomita pafupifupi 100,000, anasinthidwapo? Ndinati nthawi yake siinakwane chifukwa mita sinafike pamenepo. Anafunsa ngati mitayo imayenda. Ndinavomera kuti chigulireni yakhala ikunena nambala yomweyomweyo, ndipo ine ndinkaona ngati ndi kukhulupirika. M'rediyeta mumathira chiyani? Madzi a pampopi, nthawi zina a pamjigo. Petulo mumamwetsa kuti? Pa filing'i, ndinatero, kupatula masiku aja mafuta anasowa, pamene tonse tinkagona pamizere, ndipo mnyamata wina wa chigubu anandichitira chifundo usiku kuseri kwa golosale. Mdalayo anavula chipewa n'kuchivalanso.

Kenako anatenga chinthu patebulo chimene ankasungiramo mabawuti, n'kundiika m'manja. Inali pisitoni. Pamwamba pake panali timaenje tating'onoting'ono tambirimbiri, ndipo m'mbali, pakati pa mizere iwiri imene mumakhala maring'i, chidutswa chinali chitabenthuka, chachikulu ngati chikhadabo cha chala chamanthu. Anati mwini wake nayenso ankafuna kuonetsa anthu fumbi.

Anandifotokozera motere. Petulo amayenera kupsa mwadongosolo, moto kuyambira papulagi n'kumafalikira. Ukakankha mpweya wambiri wotentha, n'kufulumizitsa pulagi, petulo wotsala m'mbali amangophulika yekha nthawi isanakwane, ndipo kuphulika kumeneko kumamenya pisitoni ndi maberingi a pansi. Kumamveka ngati kachitsulo kogogoda chapansipansi, koma iwe uli m'katimo ndi wailesi yako sungamve. Ukamadzamva, n'kuti phokoso lake ndi lija lotumiza munthu kukasaka injini ina. Chimene chimateteza ndi octane wa petulo. Galimoto yanga anaitchunira petulo wapamwamba wa ku Japan, wa octane wofika cha m'ma 100. Ku South Africa papampu pamakhala 93 ndi 95. Kuno susankha, petulo ndi mmodzi yemweyo, wobwera pa matanki kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo pa 100 safikapo. Wa m'chigubu uja ndiye amadziwa ndi Mulungu yekha.

"Ndiye musanayambe kulota zowonjezera," anatero, "dziwani kuti injini yanuyi ikuyenda kale ndi chisomo. Ine ndikailowa lero, choyamba n'kuibweza pang'ono kuti igwirizane ndi petulo wathu."

"Ndiye kuti ndikulipireni kuti mundichotsere mahatchi?"

"Eya."

Ndinakhala pansi pa tayala.

Sanathere pomwepo. Anandionetsa chibowo chija cha pa boneti, chimene ine ndinkachiyesa chokongoletsera. Pansi pake pali intercooler, yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ndipo pa Subaru inakhala pamwamba penipeni pa injini. Galimoto ikamathamanga, mphepo imalowa pachibowopo zinthu n'kumayenda bwino. Ikaima pamzere wa magalimoto masana a mu Okutobala, intercooler imangowotcheka ndi injini ili pansi pake, ndipo nthawi imene ine ndimafuna kudzionetsa, ponyamuka pa maloboti, ndi nthawi yomweyo imene mpweya uli wotentha kwambiri. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, mpweya wake ndi wopepukirapo, choncho turbo imazungulira mowirikiza kuti ipeze mphamvu yomweyo. Ukatsikira ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, ndi nkhani inanso. Wotchuna wanzeru amaganizira tsiku loipitsitsa ngati limenelo, osati m'mawa wozizira wa mu Juni pamene galimoto iliyonse imaoneka yamphamvu.

Za "psss" zija anangoseka. Injiniyi imayeza mpweya polowa, n'kukonzeratu petulo wake. Ukautayira panja mpweyawo, petulo amatsala wochuluka, galimoto n'kumatsamwa posintha giya. Za "pha! pha!" ndi petulo wopsera mu ekizozi m'malo mopsera m'injini, kuwotcha turbo ndi zonse zili m'njira. Pa mtengo wa mafuta wa masiku ano, kumeneko n'kulipira kuti uopseze agalu.

Ndinatchula za 350 zija monong'ona. Anati turbo yanga yaing'onoyi singafikeko ndi laputopu yokha. "Pempherani kuti mnyamatayo akunama. Akakhala kuti akunama, mwangotaya ndalama. Akayesadi, mwataya injini." Ndipo mahatchi sabwera okha. Pamafunika pampu ya petulo yamphamvu, chifukwa petulo akachepa mpweya uli wambiri pisitoni imasungunuka. Kilatchi imayamba kuterereka. Giyabokosi ya magiya asanu ya WRX siikonda kuzunzidwa, si ija ya magiya asanu ndi imodzi ya STI. Mabuleki nawo ayenera kuimitsa chimene wayambitsacho. Anandikumbutsanso kuti galimoto ya McRae yeniyeniyo, yokonzedwa ndi akatswiri a Prodrive ku England, inali ndi mahatchi pafupifupi 300, kumbuyo kwake kuli gulu la amakanika oimasula ndi kuimanganso kawirikawiri. Ine ndinkafuna kumupitirira McRae ndi mahatchi 50, kumbuyo kwanga kuli mlamu wanga ndi chingwe chokokera.

Apa ndiyenera kumuchitira chilungamo mnyamata uja. Sikuti zonse ankanama. N'zoona kuti afakitale satulutsa mphamvu zonse za injini, amasiyako. Koma chosiyacho chili ngati chimanga chimene mayi amabisa pansi pa nkhokwe kudikira Febuluwale. Chilipodi, ndipo wobwera kudzakuuza kuti uchigulitse mu Meyi ugule wailesi sakunama kuti chilipo. Afakitale anasiyira petulo woipa, tsiku lotentha, ndi mwini galimoto wosasintha oyilo. Kunena mosabisa, anasiyira ine. Injini ya EJ20 imeneyi a Subaru anayamba kuipanga mu 1989 ndipo inatumikira zaka pafupifupi 30, si injini yachibwana. Chimene sanachiyeze bwino ku Japan ndi mtundu wa anthu amene idzakumane nawo ikadzakalamba.

Mdala anati akakonza zonse, ndipo ndikaonetsa kuti ndasintha khalidwe, akhoza kundipatsako mahatchi 20 kapena 30, oti chaka chamawa adzakhala alipobe. Anandionetsa mmene amagwirira ntchito: kapaipi kakopa komanga painjini, kolumikiza ku mapaipi apulasitiki awiri opita m'makutu mwake, kuti azimva kugogoda kuja kukangoyamba. Amawonjezera pang'ono, n'kuyenda, n'kumvetsera, n'kuyang'ana geji ya mpweya ndi petulo, n'kubwerera. Tsiku lathunthu, mwina awiri. Akangomva kugogoda amabweza manambala, ngakhale mwini galimoto alire.

Usiku umenewo ndinatenga kope la mwana n'kulemba mbali ziwiri. Mbali ya mnyamata: mahatchi 100, ola limodzi, ulemu wa pabawo. Mbali ya mdala: mahatchi 20 a m'tsogolo, manyazi, ndi bilu yotalika kuposa ya mnyamatayo, poti katundu yense ndi woitanitsa kunja. Anzanga a pabawo onse anavotera mnyamata, koma palibe mmodzi mwa iwo ali ndi galimoto, ndipo injini yonoka ya mnzako imakoma kuikamba. Mayi anasuzumira m'kopemo n'kufunsa funso limodzi lokha: 180 imeneyo ndikaithamangira kuti? Ndinati pa M1. Anayamba kuwerenga ndi zala: maenje, mbuzi, ngolo, akabaza, misika ya m'mphepete mwa msewu, ndi apolisi a kamera obisala pansi pa mtengo. Anati pa banja lathu amene anafikapo pa liwiro lalikulu ndi iwo, tsiku lija anathamangitsidwa ndi njuchi.

Galimoto ndinakaisiya ku Biwi. Lamba watsopano, oyilo, mapulagi, pampu, rediyeta yotsuka, mita yoyenda, ndi mahatchi ocheperapo kuposa amene ndinapita nawo. Mdala wati za kutchuna tidzakamba ndikadzabwera ndi malisiti a sevisi atatu otsatizana, ndipo malisitiwo azisunga mayi, osati ine. Pakadali pano kuntchito ndikupita pa minibasi, nditavala jekete yolembedwa STI imene ndinagula pa kaunjika.

Mnyamata uja sanataye mtima. Sabata iliyonse amanditumizira uthenga pa WhatsApp, ndipo mahatchi akwera kufika pa 380 pamene mtengo watsika. Nambala yake sindinafufute, munthu sudziwa za mawa. Ndinangoisunga pa dzina loti "Pulambala" kuti pakhomo pakhale mtendere. Dzulo mpopi wa kubafa wayamba kudontha, ndipo pamene ndikulemba zino mayi atenga foni yanga kuti amuimbire.