Dzino la pa Ulongwe Silidziwa Tchuthi

Pa msika wa Ulongwe, kwa Mfumu Kalembo, chotsegulira botolo chimasowa tsiku lililonse ndipo palibe amachilira. Mayi wa pagolosale akadali kupisapisa m'thumba la epuloni, mnyamata wa kabaza walanda kale Fanta, wamulowetsa kutsaya, pho! chitsekerero chili pansi. "Musavutike amayi, opena ndinabadwa nayo." Dzino lomwelo lisenda nzimbe masana, ling'amba pepala la firizi wa malambe, madzulo lidula waya wa wailesi. Malipiro ake ndi kutokosedwa ndi kamtengo ka machesi mpaka nkhama zituluke magazi.

Koma chimene chikumaliza mano kuno ndi ulemu. Pitani kwa alamu anu m'mawa. Tiyi wafika, ndipo wothira shuga si inu. Masupuni anayi alowa inu mukupenya, yachisanu ndi ya chibale. Mukangoti "basi alamu, wakwana," nkhope yagwa: "Kodi mwamva kuti pakhomo pano tasauka?" Mwana wa Fomu 2 akuwerengerani pa paketi ya Illovo kuti shugayu ali ndi vitamini A, ndiye kuti mukumwa mankhwala. Mwana akalira, switi. Akakhoza mayeso, switi. Ankolo akabwera kuchokera ku Joni, thumba lonse.

Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga ameneyu n'kutulutsa asidi wosungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu amakonza pomwe payamba kudyeka ngati apatsidwa mpata, koma munthu wodikira minibasi ya ku Mangochi pa msewu wa M3 mpata woterewu sapereka: bisiketi, firizi, nzimbe, kenako bisiketi wina poti kondakitala akuti patsala anthu awiri okha.

Mswachi ulipo, tisanamizire anthu. Uli pawindo la bafa chigulireni, mitu yake inagona ngati chimanga chopitidwa ndi chimphepo, ndipo umatuluka pa tsiku la ukwati. Ena amakwecha ndi makala kapena phulusa kuti mano ayere, osadziwa kuti akupala chikuto chija. Agogo otsuka ndi kamtengo mwakachetechete m'mawa uliwonse amawaposa onsewa, ngakhale adzukulu amawaseka kuti ndi achimidzi.

Dzino likayamba kuwawa, mudzi wonse umasanduka madokotala. Wina akuti ikani aspirin pabowopo, chonsecho amawotcha nkhama. Wina akuti fodya. Wina akudziwa sing'anga amene amatulutsa mphutsi m'dzino n'kukuonetsani pambale. Wodwala amazungulira monsemu sabata zingapo, tsaya litatupa, atamanga mpango kuchibwano, kenako n'kukwera ulendo wa ku chipatala ku Balaka kapena ku Liwonde ndi mawu awiri okha: "Adokotala, ingozulani." Dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, mothandizana ndi University of Glasgow. Achinyamatawo amaphunzira kumata dzino lobooka kuti lipulumuke, koma ife timawapititsira chitsa.

Wozulidwa dzino uja akafika kunyumba, thonje lili mkamwa, abale amabwera kudzazonda matenda monga mwa mwambo. Sabwera chimanjamanja. Azakhali anyamula botolo la Sobo, alamu paketi ya shuga, kuti wodwala abwezeretse magazi.