Mayeso a Shibukeni atenga malo pa msika wa Vubwi

Sabata ino nkhani ya mitengo ya soya yayamba yapuma pa Vubwi. Chili m'kamwa mwa aliyense ndi mayeso a sukulu ya akuluakulu, ija timaitcha Shibukeni. Mphekesera ikuti bungwe lomwe limathandiza makalasi ena kuno likutumiza anthu ake ndi mafomu, ndipo kalasi iliyonse isonyeze ndi manambala kuti akhoza ndi angati. Manambala akachepa, choko, makope ndi kaalawansi ka aphunzitsi zisiya kubwera.

Mayi wina wogulitsa tomato wakana kwamtuwagalu. Akuti iye mayeso adalemba kale, tsiku lomwe adapita ku kopaletivu kukapereka K400 yake ya fetereza wa boma wa FISP. Mlembi, mwa chizolowezi, adamukankhira kabokosi ka inki kuti adinde chala. Mayiyo adakabweza, nati, "Achimwene, ndibwerekeni cholembera." Adamanga chitenje bwinobwino, kuwerama, lilime lili panja pang'ono, n'kuyamba. Pamzere anthu adang'ung'udza kuti dzuwa likupita. Zilembo zidayambira pa mzere n'kukathera m'mwamba, koma dzina lidatuluka lonse, ndipo adabwerera kwawo chala chili choyera. Tsono akufunsa kuti pa fomu ya alendowo pali kabokosi kochongapo zimenezi? Yemwe adaionako fomuyo akuti palibe. Pali poti wophunzira awerenge ndime mlendo akuyang'ana wotchi, ndi poti alembe ziganizo zingapo.

Pa bawo, abambo omwe sadapondeko m'kalasimo, poopa kukhala benchi limodzi ndi apongozi, ndiwo ali ndi maganizo ochuluka. Mkulu wina akuti mayeso enieni ndi sikelo ya venda. Chiyambireni mkazi wake kuphunzira, amaima pafupi ndi sikelo n'kumawerenga makilo mokweza, thumba ndi thumba, kenaka n'kuwonkhetsa ndi kamtengo pansi. Akuti chaka chino mavenda ena angodutsa pakhomo pake osaimitsa njinga. Anzake amufunsa kuti nanga iyeyo ayamba liti, wayankha kuti m'nyumba imodzi loya mmodzi akwanira.

Amene sakuseka ndi mphunzitsi wodzipereka wa kalasi ina ya kumidzi. Kaundula wake ngodzaza nthawi ya chilimwe. Mvula ikangogwa anthu amathera kumunda, kenaka kupalira, kenaka maliro, kenaka kukolola, pomwe lipoti la ku ofesi silidziwa kuti kunja kuli dzinja: miyezi itatu ikakwana likufunika basi. Ndiye pali kanzeru komwe aphunzitsi akunong'onezana. Polemba ophunzira atsopano, yamba ndi aja adalekezera Giredi 5 kapena 6, chifukwa amenewo akakhoza popanda thukuta. Agogo omwe sadagwirepo pensulo chibadwire amatsitsa manambala. Chikhalirecho ndalama za makalasiwa zidapemphedwa m'dzina la agogo omwewo. Apa ine kuseka kumandithera, chifukwa mphunzitsiyo si wakuba ayi. Akungoteteza kalasi yake kuti isatsekedwe.

Komanso tisawadye miseche kwambiri eni ndalama. Mlonda wina wopuma ntchito wakumbutsa anthu kuti makalasi a mizukwa alipo m'dziko muno, odzaza papepala koma pansi pa mtengo pali mbuzi zokha. Wopereka ndalama naye ali ndi bwana wake ku Lusaka kapena kutsidya kwa nyanja amene amamufunsa kuti zidapita kuti, ndipo sangamuyankhe kuti pitani mukaone chala cha mayi wa tomato. Kuwerengera ndi koyenera. Vuto n'loti chomwe chili pa fomu ndicho chimasanduka phunziro. Masabata otsiriza kalasi imasiya khadi la mwana la kusikelo, risiti ya chimanga ndi buku la chilimba, n'kuyamba kuloweza ndime yomwe akuganiza kuti ibwera.

Ahedi ena opuma, omwe sasowa pa nkhani zotere, atchula Paulo Freire, katswiri wa maphunziro wa ku Brazil, katatu konse mpaka wogulitsa mandasi wafunsa ngati ndi wosewera mpira. Akuti m'ma 1990 bungwe la ActionAid lidayambitsa njira yotchedwa REFLECT, momwe ophunzira amajambula pansi mapu a mudzi wawo, zitsime, madimba ndi kalendala ya miyezi ya njala, n'kuphunzira kulemba kuchokera pamenepo. Maganizo awo ngoti aliyense akhale ndi envulopu yosungiramo zomwe walemba kuyambira tsiku loyamba, mlendo akabwera aone kumene munthu wachokera. Wina wawafunsa kuti envulopuyo agula ndani.

Anyamata a pometera tsitsi akudabwa kuti tikudikiriranji alendo pomwe ndalama za chitukuko za CDF zidakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Gogo wina yemwe amadikira kumetedwa wawayankha kuti nakonso kuli fomu, yodzera ku komiti ya wodi, ndipo kuti uidzaze uyenera kudziwa kale kulemba. Wawonjeza kuti chichokereni Vubwi pansi pa Chadiza mu 2012, boma lidayandikira ndithu, koma lidabwera ndi mapepala ake omwe.

Tsiku la mayeso likusinthasintha. Ena akufuna lichitike 8 Sepitembala isanafike, kuti okhoza akalandire masatifiketi pa tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga padziko lonse, makamaka ngati kudzakhale masikipa. Amayi a kalasi ina atumiza mawu kuti lisagundane ndi tsiku la msika, ndipo mmodzi wapempha kuti funso loyamba likhale kuwerenga uthenga wa pafoni, poti pamenepo ndi pomwe wakhwimira. Amuna ake, omwe adamugulira okha kope loyamba ndi kumuperekeza pa njinga, adaoneka Lachitatu kwa mnyamata wokonza mafoni akufunsa mmene amaikira nambala yachinsinsi.