Kudyera Malemu: Malangizo kwa Oyimba a kwa Malenga Chanzi

Mwera ukavuta panyanja, usipa n'kusowa pathandala, anyamata ambiri a kwa Malenga Chanzi amathamangira kabaza. Kumeneko n'kusaganiza. Ilipo geni ina yosalira bwato, chilimila kapena mafuta a injini: kutulutsa chimbale chokumbukira woyimba wotchuka. Nyimbo anapeka kale mwiniwake, anthu anazikonda kale, ndipo mwiniwakeyo sangadzukenso kudzafunsa gawo lake. Achimwene, tcherani khutu, malangizo ake ndi awa.

1. Sankhani womwalira, wamoyo amavuta

Wamoyo amaimba foni. Amafunsa kuti mwagulitsa zingati, mwinanso n'kukuuzani pagulu kuti mwalakwitsa mawu. Taonani zimene anachita Patience Namadingo mu 2020. Anatenga a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, n'kukhala nawo pansi kuyimba nyimbo zawo eniake akumva, akuseka. Linny Hoo inafalikira pa TikTok, agogowo n'kudziwika mpaka kutsidya kwa nyanja ali ndi zaka zoposa 90. Mwakuona kuipa kwake? Anthu ankangokamba za nkhalamba. Inu musatengere zimenezo. Dikirani woyimba atsikire kulichete, ndipo pamenepo muzindikire mwadzidzidzi kuti anali chiphona.

2. Pezani chibale

Evison Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi pa 27 Novembala 2001, atasiya Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Abale ake a ku Chileka, ana a Robert Fumulani, anapitiriza gulu la Black Missionaries kuyambira pa Kuimba 3 mpaka kudutsa Kuimba 10, ndipo chaka ndi chaka amamukumbukira komweko ku Chileka. Koma iwowo ndi magazi amodzi, komanso anadzivutitsa kupeka nyimbo zatsopano pachimbale chilichonse. Inu thukuta limenelo simukulifuna, magazinso mulibe, choncho chibale muchite kuumba. Nenani kuti malemu anadyapo kondowole ndi chambo kwa azakhali anu ku Sani, ndipo posamba m'manja anakugwirani pamutu. Ngati mu 2001 munali musanabadwe, nenani kuti anabwera kumaloto. Maloto alibe mboni.

3. Sungani kalendala

Misozi simachedwa kuuma, ndiye changu n'chofunika. Mbiri ya maliro ikangomveka, musataye nthawi n'kukhuza. Thamangani kukajambula, kuti pamene anamfedwa akufunafuna galimoto, nyimbo yanu ikhale ili kale pa WhatsApp. Zaka zotsatira mudzangotsata miyezi. Janyuwale ndi wa Wambali Mkandawire, yemwe anatisiya mu 2021. Malichi ndi wa Grace Chinga, 2016, ndipo mwezi umenewo muvale suti n'kunyamula Baibulo. Meyi ndi wa Bob Marley, 1981. Juni ndi wa Soja Lucius Banda wa ku Balaka, amene anamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa. Okutobala ndi wa Lucky Dube, 2007, Novembala wa Matafale. Miyezi yotsalayo mukathandize amayi anu kumunda wa mpunga, kuti anthu aziti ndinu wodzichepetsa.

4. Jambulani motchipa

Musapite ku Lilongwe. Kuseri kwa golosale ina pa boma simungalephere kupeza kachipinda kokhomedwa matilesi kukhoma, muli kompyuta imodzi, kiyibodi yothothoka mabatani awiri, ndi mnyamata wovala zakukhutu zomangidwa ndi labala. Ameneyo ndiye ng'oma, ndiye gitala, ndiye kwaya. Allan Namoko ankatulutsa nyimbo pabanjo ndi zala zake, gulu lake la Chimvu River Jazz likumuyankha. Inu mungodina batani limodzi, makina akonzenso mawu anu mpaka amveke ngati mbuzi yolira m'chidebe. Magetsi akazima pakati pa vesi, musabwereze, mudzati pamenepo munagwidwa ndi chisoni.

Chachikulu ndi mayina. Lanu litchulidwe kasanu, la wojambula katatu, la bwana wa chilimila amene wakulipirirani kawiri, la malemu kamodzi chakumapeto. Pachikuto, chithunzi chanu chidzaze tsamba lonse mutavala magalasi akuda. Cha malemu chikhale pakona, m'mitambo, pafupi ndi nambala yanu ya foni.

5. Ku COSOMA musapondeko

Bungwe limeneli linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama za eni luso. Lamulo la umwini wa luso la 2016 limati nyimbo ndi ya woipeka moyo wake wonse, kuwonjezanso zaka 50 iye atamwalira. Ndiye kuti za Matafale zili ndi eni mpaka 2051, za Soja mpaka 2074, ndipo eniakewo ndi amasiye amene akufuna fizi, sopo ndi feteleza. Nkhani zoterezi zimachotsa mzimu wa kuyimba. Wina akakufunsani za chilolezo, gwirani pamtima, yang'anani kumwamba, muyankhe kuti mukungopereka ulemu. Ulemu ndi wabwino chifukwa sufuna lisiti.

Pakapita sabata mudzapeza wootcha nyimbo pamsika akuthira chimbale chanu chonse m'mamemori khadi a anthu, inu osalandirapo kanthu. Pamenepo thamangirani kuwailesi mukadandaule kuti Amalawi salemekeza luso, ndipo kuba nyimbo za eni ndi tchimo. Mulankhule molimba mtima.

6. Gulitsani kawiri

Azungu anatulukira nzeru ina: amapanga kanema wa moyo wa woyimba, kenako n'kugulitsanso padera nyimbo za m'kanemayo. Mu 2024 kunatuluka Bob Marley: One Love, ndipo anthu anathamangiranso nyimbo zimene makolo awo anali nazo kale pamakaseti. Cholakwika chawo n'chakuti banja la Marley linali m'gulu la opanga kanemayo. Inu banja lisiyeni lipume. Bwerekani foni ya kamera yabwino, mphwanu mumuveke tsitsi la chirasta logula pakaunjika, mukamuimike pansi pa mkuyu uja amati David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe. Aziyang'ana kunyanja mwachisoni, nyimbo zanu zija zikulira kumbuyo. Sinthani chikuto, lembani kuti nyimbo za m'kanema, mtengo kwezani.

7. Phwando lokhazikitsa chimbale

Lengezani kuti gawo lina la ndalama za pakhomo lipita kubanja la malemu. Liwu lakuti gawo ndi lokoma, silitchula kuchuluka. Itanani a mfumu, a khansala ndi aliyense amene akufuna kuima pachisankho chikubwerachi, chifukwa amenewo amagula chimbale choyamba anthu akuona. Pemphani mphindi imodzi yachete, koma isapitirire theka, mowa ungafunde. Mukalipira jenereta, zokuzira mawu, alonda ndi zoziziritsa kukhosi za gulu, mudzapeza kuti yotsala ikungokwana nkhata ya maluwa apulasitiki. Ijambuleni, muike pa Facebook, mulembe kuti mzimu wawo uuse mumtendere. Kumanda kwenikweniko n'kutali, thiransipoti yakwera.

Mukatsata zonsezi mosaphonya, nanunso mudzatchuka, ndipo tsiku lina mudzamwalira. Mwana wina wa ku Linga amene lero akusewera mumchenga adzanena kuti munadyapo kondowole kwa azakhali ake. Ana anu adzamva nyimbo zanu zikulira muminibasi ya ku Salima, kondakitala akuwalipiritsa mtengo wonse.

Ngati malangizowa akunyansani, njira ina ilipo, yaifupi kuposa iyi. Pitani kubanja mukapemphe chilolezo, mugwirizane gawo lawo polemba, mukalembetse ku COSOMA, dzina la wopeka liwoneke bwino pachikuto. Kenako yang'anani pafupi: amayi a chioda amene amapeka nyimbo zovinidwa mudzi wonse, ndi madala oyimba banjo pamsika. Amenewo akadali moyo, ndipo ndalama mukhoza kuwapatsira m'manja lero lomwe.