Ine Si Chitsulo, Abale

Lendi yakweranso. A landilodi pobweretsa uthengawu anawonjezerapo ulaliki waulere: "Achimwene, mwamuna amalimba akapanikizika." Shuga wakwera, makala akwera, minibasi yakwera. Zatsala pansi ndi malipiro anga ndi ine ndemwe.

Ndinakalira kwa alamu anga, aphunzitsi a sayansi, poganiza kuti mwina pagwa kangongole. Panagwa phunziro. Akuti a landilodi sakunama kwenikweni. Chitsulo kuno chimasungunuka pa madigiri 1,538, koma pakatikati penipeni pa dziko, pomwe kumatentha kuposa madigiri 5,000, chili gwa! Chapanikizidwa kuposa momwe mpweya umatipanikizira kuno maulendo oposa 3 miliyoni. Zinthu zambiri zikamasungunuka zimafuna malo otambasukira, ndiye ukazimana malowo zimakhalabe zolimba.

Apa ndinazindikira chifukwa chake sitisungunuka m'minibasi mwezi wa Okutobala. Kondakitala akamatithithikiza anayianayi pampando, akupulumutsa miyoyo. Ndi wasayansi ameneyo, tizimupatsa ulemu. Kunyumba ndinalengeza kuti ndine chitsulo cha pakati pa dziko. Mayi a ana anangoti, "Bambo Chitsulo, ufa watha."

Koma alamu anali asanamalize. Akuti zilipo zina zamakani, monga bismuth, gallium ndi madzi oundana. Izi zikasungunuka zimatenga malo ochepa, choncho ukazipanikiza ndiye wazithandiza kusungunuka msanga. Gallium ngakhale osamupanikiza amasungunuka pa madigiri pafupifupi 30, m'dzanja mwako momwemo. Ameneyu ndimamudziwa bwino, amabwera mwezi ukatha.

Mbale wanga weniweni ndi sodium, uja ali mumchere. Amasungunuka pa madigiri 98. Ukayamba kumupanikiza amachita chamuna, mpaka kufuna madigiri pafupifupi 700 kuti agonje. Ukapitiriza, n'kudutsa maulendo miliyoni, amafooka moti kutentha kwa m'chipinda kokha kumamukwanira. Asayansi anaziwona zimenezi mu 2005, ngakhale akanandifunsa ndikanawauza kwaulere.

Tsono inu amene mumatiuza kuti timange malamba pomwe anu akusowa boo lomasulira, musamatiwerengere m'gulu la zitsulo. Wosauka akakhala chete sindiye kuti walimba, wangosowa komwe angakadandaule. Mwana wogona ndi njala salimba, amapinimbira. Musanakweze china chilichonse, yambani mwafunsa kuti anthu adya chiyani dzulo.